Chikwangwani chowala chikayamba kuphethira: kufufuza vuto ndi kuyesa mtengo wake

Amene amayenda madzulo mumzinda wa Chipata ku Zambia, kuchokera ku Down Shops kukafika ku Kapata kapena kutsata msewu wa Great East kulowera ku Mwami, anaonapo chikwangwani chowala chimene zilembo zake zina zinazima kalekale, moti dzina la saluni kapena la malo odyera limangowerengeka theka. Eni ake akamafotokoza, nkhani imafanana: chinafika chokongola, chinawala bwino miyezi ingapo, mvula yoyamba itagwa chinayamba kuphethira, ndipo wogulitsa uja anasiya kuyankha foni. Ena amaitanitsa china cha mtengo womwewo, n'kudzaonanso zomwezo dzinja lotsatira. Nthawi zambiri vutoli limabisala m'malo atatu amene wogula sayang'ana, omwenso ndi malo amene wopanga amachepetsapo ndalama akafuna kutsitsa mtengo: kabokosi kosintha mphamvu ya magetsi kotchedwa adaputa, mfundo zolumikizira mawaya, ndi potsekera madzi.

Musanagwire chilichonse, dziwani mtundu wa chikwangwani chanu, chifukwa dzina loti neon, limene zikwangwani zimenezi zimadziwika nalo, masiku ano likuitanidwira zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Neon weniweni ndi mpweya umene William Ramsay ndi Morris Travers anautulukira ku London mu 1898, ndipo Georges Claude anaonetsa nyali zoyaka ndi mpweyawu ku Paris mu Disembala 1910. Mmisiri amawotcha chubu cha galasi pamoto, n'kuchipinda ndi manja kuti chikhale chilembo, kenako amapopa mpweya wonse wa m'kati ndi kulowetsamo neon, amene amawala mofiirira ngati khala la moto. Mitundu ina, monga wabuluu, imachokera ku mpweya wa argon wosakaniza ndi mekyule pang'ono, komanso ufa wopakidwa m'kati mwa galasilo. Chubu chotere chimayaka ndi thiransifoma imene imakweza mavoliti 230 a m'nyumba zathu kufika pa masauzande angapo, ndipo zina zimafika pa 15,000. Mtundu wachiwiri, umene ndi wofala pamsika lero, mulibe mpweya uliwonse. Ndi chingwe chofewa cha silikoni kapena cha PVC chokhala ndi tinyali ta LED m'kati, chomatidwa pa pulasitiki yolimba imene ambiri amaitcha Perspex, ndipo chimayaka ndi mavoliti 12 kapena 24 ochokera mu adaputa yofanana ndi ya laputopu.

Ngati chanu ndi cha galasi, ntchito yanu ikuthera pozula pulagi ndi kuitana mmisiri wodziwa magetsi amphamvu. Chubu chikasweka, tsegulani zitseko ndi mazenera ndipo musatole zidutswa ndi manja opanda kanthu, poti mekyule ndi poizoni. Ngati ndi cha LED, mbali ya mavoliti 12 kapena 24 mutha kuifufuza nokha, koma adaputa musaitsegule, chifukwa m'kati mwake muli makapasita amene amasunga magetsi kwa kanthawi ngakhale pulagi itazulidwa.

Chikwangwani chonse chikazima

Yambani kukhoma n'kumapita ku zilembo, osati kuyambira ku zilembo. Lowetsani tchaja ya foni m'soketi yomweyo kuti muone ngati muli magetsi. Ngati pulagi yanu ndi ya mano atatu aphwatalala, m'kati mwake muli fyuzi, ndipo kanthu kakang'onoko kamazimitsa chikwangwani chonse. Zikakhala bwino pamenepo, yezani zimene adaputa ikutulutsa pogwiritsa ntchito mita yoyezera magetsi, yomwe wokonza mawailesi ndi ma TV aliyense amakhala nayo. Mita iyenera kuonetsa nambala yoyandikira 12 kapena 24, malinga ndi zolembedwa pa adaputapo. Ikapanda kuonetsa kanthu, adaputa yafa, ndipo kawirikawiri zilembo zimakhala zilibe vuto lililonse. N'zomvetsa chisoni kuona chikwangwani chonse chitaponyedwa kuseri kwa sitolo pamene chinangofuna adaputa ina. Ngati pakati pa adaputa ndi zilembo pali kabokosi ka rimoti kochepetsera kuwala, kachotseni kaye n'kulumikiza mwachindunji, popeza timabokosi timeneti nato timafa msanga. Pogula adaputa yatsopano, mavoliti akhale omwewo ndendende, maampu akhale ofanana kapena ochulukirapo, ndipo waya wa + apite pa +.

Kusintha adaputa osadziwa chimene chinapha yoyambayo n'kungoyembekezera kuti yachiwiri ifenso. Chifukwa chofala kwambiri n'chakuti inali yaing'ono poyerekeza ndi katundu amene inasenzetsedwa. Tiyerekeze kuti zilembo zanu zonse mutaziwongola zikukwana mamita 6, ndipo chingwecho chimadya mawati 10 pa mita iliyonse. Pamenepo chikwangwani chikufuna mawati 60, omwe pa mavoliti 12 ndi maampu 5. Wopanga wofuna kusunga ndalama amaika adaputa ya mawati 60 yomweyo, ndipo tsiku loyamba zonse zimayaka bwinobwino, koma adaputayo imakhala ikugwira ntchito pamapeto penipeni pa mphamvu zake usiku uliwonse, ngati njinga yonyamula matumba a makala pa mtunda wa Kanjala. Amisiri osamala salola adaputa kusenza zoposa magawo 80 pa 100 alionse a mphamvu yake, choncho pa chitsanzo chathuchi pakufunika ya mawati 75 kapena kuposerapo. Palinso maadaputa amene nambala yolembedwa kunja siigwirizana ndi zimene zili m'kati. Mukainyamula n'kumva kuti ndi yopepuka ngati yopanda kanthu, kapena ikatentha mpaka dzanja kulephera kukhalapo patangotha ola limodzi, musaikhulupirire. Ndipo ngati chikwangwani chinachokera kunja, werengani zolembedwa pa adaputa: ikalembedwa 100 mpaka 240V ndiyoyenera kuno, koma yolembedwa 110V kapena 120V yokha inapangidwira mayiko monga America, ndipo imapsa nthawi yomweyo mukailowetsa m'soketi yathu.

Kutentha ndi kusinthasintha kwa magetsi zimamaliza zimene kuchepa kwa adaputa kunayamba. Mwezi wa Okutobala, mpata wa pakati pa malata ndi siling'i umatentha ngati uvuni, komatu m'menemo ndi mmene oika zikwangwani ambiri amaponyamo adaputa pofuna kuti isaoneke. Itulutseni, muikhomere pakhoma la m'kati pamene pamadutsa mphepo. Za magetsi ozimazima, palibe wa kuno m'chigawo cha Eastern amene akufuna kukumbutsidwa chaka cha 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi a m'damu la Kariba ndipo nyumba ndi masitolo zinkakhala maola ambiri zili mumdima. Nthawi yoopsa kwa adaputa ndi pamene magetsi akubwerera, chifukwa mphindi zoyambazo mphamvu yake imatha kukwera kapena kutsika isanakhazikike. Kachipangizo kotetezera kamene ambiri amaikira furiji kapena TV, kamene kamadula magetsi akapitirira muyeso ndi kudikira kaye kasanawalolenso, kamagwiranso ntchito pa chikwangwani, ndipo n'kotsika mtengo kuposa kugula adaputa kawiri. Ogwiritsa ntchito jenereta azilize kaye, lizikhazikika, ndiyeno ayatse chikwangwani. Kukachita ziphaliwali, kuzimitsa pa switchi sikukwanira, zulani pulagi.

Kuphethira ndi zilembo zozima

Kuphethira kuli mitundu iwiri, ndipo ndi bwino kuima kaye n'kuyang'anitsitsa musanamasule chilichonse, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Chikwangwani chonse chikamayaka n'kuzima motsatizana mofanana, ngati indiketa ya galimoto, adaputa ndiyo ikudziteteza: yaona katundu wopitirira kapena shoti penapake, yadula magetsi, yayesanso, yadulanso. Masulani waya wopita ku theka la zilembo. Theka lotsalalo likayaka mokhazikika, bwezerani limene munamasula n'kumasula linzake. Mbali iliyonse ikamayaka bwino payokha koma zonse pamodzi n'kumaphethira, adaputa ndi yaing'ono kapena yatopa. Mbali imodzi ikamaphethirabe ili yokha, shoti ili kumeneko, ndipo nthawi zambiri mudzapeza chinyezi kapena mawaya awiri okhudzana. Kuphethira kumene kumayamba chikwangwani chitayaka kale kwa ola limodzi kapena awiri kumaloza ku kutentha kwa adaputa.

Mtundu wachiwiri ndi kuthwanima kosalongosoka kwa chilembo chimodzi, kumene kumasintha mukagogoda bolodi la Perspex ndi chala kapena mphepo ikawomba. Apa vuto lili pa mfundo, ndipo apa ndi pamene luso la mmisiri limaonekera poyera. Chilembo chilichonse ndi kachidutswa ka chingwe kodulidwa payokha, ndipo kamalumikizidwa ndi kanzake ndi timawaya tiwiri todutsa kuseri kwa bolodi, kotero dzina la zilembo 10 lingakhale ndi mfundo makumi angapo. Mmisiri wabwino amawotcherera mfundo iliyonse ndi mtovu mpaka itasalala n'kunyezimira, amaiphimba ndi kachubu kamene kamafinyika kakatenthedwa, n'kumangirira wayayo kuti asakokeke. Wothamangira ndalama amangopota mawaya, n'kukulunga tepi yakuda kapena kudonthezera guluu wotentha, zomwe dzuwa la kuno limasungunula chaka chisanathe. Mfundo zotere zimakonzeka mosavuta, koma imodzi ikagonja muuzeni wokonzayo kuti aziwotcherere zonse tsiku lomwelo, chifukwa zinapangidwa ndi dzanja limodzi ndipo zidzagonja motsatizana.

Kukula kwa malo ozima kumakuuzaninso kanthu. M'zingwe zambiri za mavoliti 12, tinyali timalumikizidwa m'timagulu ta titatutitatu, moti kamodzi kakafa, kagulu kake kokha ndi kamene kamazima, n'kusiya kampata kakuda kotalika ngati chala pamene kutsogolo kukuwalabe. Kagulu kameneko kamadulidwa n'kuikapo kena. Koma ngati kuyambira pamalo ena mpaka kumapeto kuli mdima, njira ya magetsi yaduka pamenepo, ndipo kawirikawiri ndi pa ngodya imene wopanga anapinda chingwe mopitirira muyeso pofuna kutulutsa chilembo chaching'ono. Zilembo zakumapeto zikamangowala mofooka poyerekeza ndi zoyambirira, magetsi akuthera m'njira chifukwa chingwe n'chachitali koma chikudyetsedwa kuchokera mbali imodzi, kapena waya ndi wowonda. Chingwe cha mavoliti 12 chikapitirira mamita 5 chimafuna waya wina wochokera ku adaputa kukalowa kumapeto kapena pakati. Palani pang'ono nsonga ya waya ndi mpeni: akaoneka woyera pansi pa khungu lofiirira, ndi aluminiyamu wopakidwa kopa, amene amadutsitsa magetsi movutikira ndiponso amathyoka msanga kusiyana ndi kopa weniweni.

Madzi, dzuwa ndi tizilombo

Mvula yathu imayamba cha mu Novembala n'kumatha cha mu Epulo, ndipo zikwangwani zambiri zimene zimafa m'miyezi imeneyi zinapangidwira m'nyumba koma zinapachikidwa panja. Pali nambala imene imanena zimenezi, yoyamba ndi zilembo IP. Cholembedwa IP20 chilibe chitetezo chilichonse ku madzi, IP65 chimapirira fumbi ndi madzi opopera, ndipo IP67 chimapirira ngakhale kumizidwa kwa kanthawi kochepa. Chosokoneza n'chakuti wogulitsa akhoza kunena zoona kuti chingwe chake ndi IP67, koma nambalayo ndi ya chingwe chisanadulidwe. Chikadulidwa kukhala zilembo, nsonga iliyonse ndi khomo la madzi pokhapokha itavekedwa kachitsekero n'kumatidwa bwino. Fufuzani nsonga zimenezi ndi polowera mawaya. Mukaona nkhungu m'kati mwa chingwe kapena dzimbiri lobiriwira pa kopa, madzi analowa kale. Tsitsani chikwangwani, chiumitseni pamthunzi masiku angapo, mfundo zodyekazo ziwotchereredwenso, ndiyeno mutseke. Pomata musagwiritse ntchito silikoni yonunkha ngati viniga, yofala m'mahadiweya, chifukwa asidi wake amadya kopa. Funsani yolembedwa kuti neutral cure. Waya wolowa m'kabokosi kalikonse azilowera pansi, atatsika kaye n'kukweranso, kuti madzi oyenda pa wayayo adonthere panja. Khonde lalifupi silitchinga mvula yamkuntho, choncho chikwangwani cha pakhonde chiwerengedwe ngati cha panja.

Mvula yoyamba imabweranso ndi inswa zimene zimakhamukira pa kuwala, ndipo pambuyo pa inswa pamabwera abuluzi ndi nyerere, zomwe zimakonda kufunda kwa adaputa ya chitsulo yokhala ndi timabowo. Buluzi mmodzi wolowa mmenemo ndi wokwanira kuchititsa shoti.

Dzuwa nalo limagwira ntchito yake mwakachetechete. Chingwe cha PVC, chimene n'chotsika mtengo, chimasanduka chachikasu, n'kuuma, n'kuyamba ming'alu chikakhala padzuwa, pamene cha silikoni chimapirira nthawi yaitali chili chofewa. Zikafika apa palibe chokonza koma kusintha chingwe. Popukuta bolodi la Perspex gwiritsani ntchito nsalu yofewa ndi madzi a sopo pang'ono, chifukwa sipiriti ndi thina zimasiya timing'alu toyera tosachoka.

Za chikwangwani cha galasi, zizindikiro zake n'zochepa koma zimanena zambiri za amene anachipanga. Nsonga za chubu zikada msanga, kapena kuwala kukamazungulirazungulira m'kati, kawirikawiri mmisiri sanayeretse chubucho mokwanira pochitenthetsa ndi kuchipopa asanalowetse mpweya. Phokoso lothetheka ndi fungo lachilendo zimasonyeza kuti magetsi akudumphira pa chitsulo kudzera pa waya wong'aluka, ndipo zimenezi zimayambitsa moto, choncho zimitsani pompo. Mng'alu waung'ono pa chubu chimodzi umazimitsa machubu onse olumikizidwa nacho pamzere umodzi. Chubu chopangidwa bwino chimatha kuwala zaka zoposa khumi, ndipo kuwala kwake kuli ndi kukoma kumene LED siinakufikirebe, koma musanagule dziwani amene adzakukonzereni chikasweka, pokumbukira kuti Lusaka ili pa mtunda wa makilomita oposa 500 ndipo galasi silikonda ulendo wa pabasi.

Pogula china

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi cha pa Facebook kapena pa WhatsApp chimaonetsa chikwangwani chili chatsopano, usiku, kuchokera kutsogolo, ndipo pamenepo chotchipa ndi chodula zimaoneka chimodzimodzi. Pemphani chithunzi cha kuseri, chojambulidwa masana, ndiponso cha zolembedwa pa adaputa. Funsani kuti chingwe ndi cha silikoni kapena cha PVC, n'chotalika mamita angati, chimadya mawati angati, ndipo bolodi n'lochindikala mamilimita angati, poti lopyapyala limapindika padzuwa n'kukoka mfundo. Wopanga wodziwa ntchito yake amayankha mafunso amenewa mosazengereza, ndipo amayamba iye kukufunsani ngati chikwangwanicho chikakhala panja kapena m'nyumba. Ngati ndi wa konkuno, mupempheni akulozereni ntchito yake imene yadutsa madzinja awiri ili panja, mupite mukaione nokha madzulo.

Mtengo wokwera pawokha si umboni wa luso. Pali ogulitsa amene amaitanitsa chikwangwani chotchipa chomwecho n'kuonjezerapo phindu lalikulu, ndipo pali amisiri aang'ono amene amawotcherera bwino koma satchaja zambiri chifukwa salipira lendi yodula. Chimene mtengo wotsika kwambiri umakuuzani n'chakuti penapake pachotsedwa kanthu, ndipo ndi bwino kudziwa kuti n'chiyani. Chikwangwani chokongoletsa ukwati kapena chinkhoswe tsiku limodzi, kapena chopachika m'kati mwa saluni kutali ndi mvula, chikhoza kukhala cha PVC ndi bolodi lopyapyala popanda vuto, bola adaputa ikhale yokwanira. Choyang'ana kumsewu, choyaka maola 10 usiku uliwonse, chimakwanitsa maola 3,650 pa chaka, ndipo pamenepo kusunga ndalama pa chingwe ndi pa zotsekera madzi kumadzakuluzitsani m'dzinja loyamba. Powerengera mtengo wa choitanitsa kunja, phatikizanipo mtengo wotumizira, msonkho wa pachipata umene bungwe la misonkho la ZRA limatolera, VAT ya 16 peresenti, ndi malipiro a wodzapachika. Funsaninso ku khonsolo za chilolezo ngati chikwangwanicho chikaonekera kumsewu.

Waranti ya zaka ziwiri yochokera kwa wogulitsa wa kutsidya kwa nyanja, amene akufuna kuti mumutumizire chikwangwanicho ndi ndalama zanu, ndi yochepa mphamvu poyerekeza ndi ya miyezi 12 ya munthu amene mungamupeze pa shopu yake ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limaletsa kugulitsa katundu wowonongeka kapena wosayenera ntchito yake, limaletsanso kupachika m'sitolo mawu okana kulandiranso katundu wogulidwa, ndipo madandaulo amapita ku bungwe loteteza ogula la CCPC. Koma dandaulo limayenda ndi umboni, choncho lisiti ilembedwe momveka: chikwangwani cha panja kapena cha m'nyumba, mtundu wa chingwe, kukula kwa adaputa, ndi kutalika kwa waranti ya zilembo ndi ya adaputa, chifukwa ena amapatula adaputa mwakachetechete.

Musamalize kulipira chikwangwani chisanayake usiku wonse pamaso panu, adaputa mukuikhudza ola ndi ola. Pomaliza, pemphani wopanga akusiyireni kachidutswa ka chingwe chochokera pa mpukutu womwewo, ngakhale theka la mita, mukasunge m'kabati pamodzi ndi lisiti. Zingwe zoyera zimasiyana malinga ndi nambala ya mtundu wa kuwala kwake, cha 3000K chimapita ku chikasu pamene cha 6500K chimapita ku buluu, ndipo ngakhale za nambala imodzi zochokera m'mipukutu yosiyana sizifanana ndendende, moti chilembo chokonzedwa ndi chingwe china chimaonekera patali ngati chigamba pa malaya.